Si mwana wa uje uyu? Kutumikira Mulungu pamaso pa anthu amene anakulerani

Nkhani imeneyi imaonekera poyera pa maliro a kumudzi. Munthu amene m'tauni amamutchula kuti abusa, amene Lamulungu lililonse akaima kutsogolo anthu mazana amakhala chete, wafika kwawo kudzaika azakhali ake. Watsika minibasi pa siteji, wakwera kabaza, wafika pa siwa atavala suti, Baibulo lili m'khwapa. Amayi amene ali m'nyumba akumulonjera ndi dzina lake laubwana. Atsibweni ake amukokera kuseri kwa nkhokwe, ndipo chimene akufuna kumva ndi chakuti wabwera ndi zingati za bokosi ndi ufa. Nthawi ya mapemphero itakwana, amene waimirira kulalikira ndi mkulu wa mpingo wa pamudzipo, bambo amene sukulu analekezera ku pulayimale, ndipo woyendetsa mwambo sanatchule n'komwe kuti pakati pa anamfedwa pali m'busa.

Zimawawa. Zimawawanso chimodzimodzi kwa mlaliki, katekisiti, mtsogoleri wa Chigwirizano kapena Mvano, ngakhale mnyamata woyendetsa kwaya, amene kwina konse amamudalira koma kwawo amangomuona ngati mwana uja.

Ambuye Yesu anadutsamo. Marko 6:1-6 akuti anafika kwawo ndi ophunzira ake, ndipo tsiku la Sabata anaphunzitsa m'sunagoge. Chofunika kuchiona bwino ndi chakuti anthu a ku Nazarete sanakane kuti munthuyu ali ndi nzeru. Anazizwa, nafunsa kumene anazitenga. Chimene chinawapunthwitsa ndi kumudziwa: si mmisiri wa matabwa uja uyu, mwana wa Mariya? Anatchula abale ake anayi ndi maina, Yakobo, Yose, Yuda ndi Simoni, naonjeza kuti alongo ake ali pomwepo pakati pawo. Luka 3:23 akuti Yesu anayamba ntchito yake ali ndi zaka ngati 30, kutanthauza kuti anthuwa anamuona zaka zambiri akupala matabwa, utuchi uli m'tsitsi, asanamuonepo akulalikira. Luka 4 akuonjeza kuti tsikulo linatha moipa kwambiri: atawakumbutsa za mkazi wamasiye wa ku Zarefati ndi Namani wa ku Siriya, anamutulutsa m'mudzi kuti akamukankhire kuphedi. M'nyumba mwake momwe zinthu sizinali bwino. Marko 3:21 akuti abale ake anapita kukamugwira poganiza kuti mutu wake wasokonekera, ndipo Yohane 7:5 akunena mosabisa kuti abale ake sanamukhulupirire.

Koma vesi la Marko 6:4 loti mneneri salemekezedwa kwawo lakhala pobisalira pa alaliki ambiri, ndipo tisalithamangire. Yesu anakanidwa alibe chimene analakwira munthu. Ife sitili choncho. Musanadziike pa malo a mneneri wokanidwa, yambani mwafufuza chifukwa chenicheni chimene abale anu sakukuwerengerani, pakuti zifukwa zake ndi zosiyanasiyana ndipo mankhwala akenso ndi osiyana.

Nthawi zambiri ndi kukumbukira chabe. Iwo anakuonani mukuba mango, mukuthawa sukulu, mwina mutagona m'ngalande ndi kachasu. Mpingo wanu unakudziwani mutasintha kale, pamene iwo ali ndi mbiri yonse. Izi sizichoka ndi satifiketi ya ku sukulu ya ubusa, zimachoka ndi zaka zoona munthu akuyenda mowongoka.

Penanso ndi dongosolo la banja, ndipo apa palibe chipongwe chilichonse. Kwathu kuno mawu pa bwalo la banja amatsata ukulu ndi malo a munthu mu mbumba. Kumadera a chikamwini, mwini mbumba ndiye amadula nkhani za ana a alongo ake, kaya anapita ku sukulu kaya sanapite. Mwamuna akakhala kwa mkazi wake ndi mkamwini, ngakhale atakhala bishopu. Mayi wolalikira akafika kwa apongozi ake ndi mtengwa, ndipo amayembekezeka kukatunga madzi ndi kukhala pa moto ndi anzake. Kudzozedwa sikusuntha munthu pa mndandanda umenewu, ndipo sikuyenera kutero. Luka 2:51 akuti Yesu atabwerako ku Yerusalemu ali ndi zaka 12 anatsikira ku Nazarete nawamvera makolo ake.

Chifukwa chimene alaliki sakonda kuchimva ndi cha ndalama. Banja linagulitsa mbuzi, fodya kapena mtedza kuti mulipire sukulu, likuyembekezera kuti mudzagwira ntchito yolandira malipiro a pamwezi ndi kukoka ang'ono anu. Inu munasankha utumiki. Kwa inu ndi maitanidwe, kwa iwo ndi mbuzi zimene zinapita osabwerera. Ngati pa zaka zonsezi simunakhalepo nawo pansi kuwathokoza ndi kuvomereza kuti chisankho chanu chinawadyera, kuzizira kwawo kuli ndi maziko. Palinso nkhani yosintha mpingo. Amene anabatizidwa ku CCAP, ku Katolika kapena ku Anglican kenako n'kukayamba utumiki kwina, makolo ake amamva ngati wawauza kuti zaka zonse zimene akhala akupemphera anali osochera. Onjezanipo kuti anthu akumudzi aona aneneri ochuluka ogulitsa madzi ndi mafuta odzozera, ndipo aphunzira kudikira kaye asanaombere munthu m'manja. Nsanje nayo ilipo ndithu, koma muziyiika kumapeto kwa mndandanda. Ambiri amayambira pamenepo chifukwa ndi yankho lokhalo limene silifuna kuti iwo asinthe kanthu.

Njira yodziwira chifukwa chake ndi yosavuta kuifotokoza koma yolemera kuichita. Sankhani wamkulu mmodzi wa m'banja amene salankhula mokondera, kawirikawiri amakhala agogo aakazi kapena azakhali. Pitani nokha, osatenga mkulu wa mpingo wanu, osatenga Baibulo m'manja. Tengani shuga ndi sopo monga mwana aliyense wokaona makolo. Mukamaliza kulonjerana, funsani funso limodzi: "Agogo, kodi pali chimene ndinalakwira banja lino chimene anthu akuopa kundiuza?" Ndiye khalani chete. Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa wamkulu akangoyamba kulankhula iwo amayamba kudziteteza, ndipo wamkuluyo amangoti "ayi palibe, mwanawe" n'kutseka pakamwa mpaka kalekale. Mukamva zowawa, thokozani, tsanzikani, mukaganize muli kwanu.

Zimene zimatuluka pa kucheza koteroko nthawi zambiri ndi zinthu zogwirika: ngongole imene munaiwala, mwana amene munabereka musanatembenuke mtima ndipo simumusamala, malire a munda, maliro a wachibale amene simunabwere chifukwa munali ndi msonkhano wa chitsitsimutso, mawu amene munawanenera amayi anu pagulu. Zimenezi sizikonzeka ndi pemphero lokha. Ngongole ilembeni, muvomereze pamaso pa mboni, muike ndondomeko imene mungaikwanitse. Ngati ndi K60,000 ndipo simungaipeze nthawi imodzi, kuli bwino kulonjeza K10,000 pamwezi kwa miyezi 6 n'kusunga lonjezolo, kusiyana ndi kulonjeza zonse "Ambuye akatsegula makomo". Zakeyu anatchula chiwerengero, anati adzabweza kanayi. Ndipo Yesu pa Marko 7:9-13 anadzudzula anthu amene ankati chuma chimene akanathandizira makolo awo ndi Korban, choperekedwa kwa Mulungu, namasiya makolowo ali manja lende. M'busa amene amapereka chakhumi mokhulupirika koma denga la amayi ake likudontha mvula iliyonse ali pafupi kwambiri ndi chidzudzulo chimenecho. Paulo pa 1 Timoteo 5:8 ananena mawu olemera kuposa pamenepa, kuti wosasamala a m'banja lake wakana chikhulupiriro.

Tibwerere pa maliro paja, chifukwa pali zochita zing'onozing'ono zimene zimamanga kapena kugumula ubale wa zaka. Mukafika, yambani mwalowa m'nyumba ya siwa kukhuza, kenako mukaonekere kwa mwini maliro ndi kwa amfumu kapena nyakwawa yawo. Chipepeso chanu chilembedwe m'kope limodzi ndi cha anthu onse, musachite kuchilengeza panokha. Kolala isiyeni m'chikwama. Pezani mtsogoleri wa mpingo umene ukuyendetsa mwambo, mumupatse moni mwaulemu, mudzitchule ngati mwana wa pakhomopo, ndipo musapemphe mpata wolankhula, ngakhale mozungulira. Chifukwa chake n'chakuti malemuwo anali nkhosa ya mpingo umenewo. Anthu amene mukuwaona ngati osaphunzirawo ndi amene ankabwera kudzawazonda akudwala, kuwatungira madzi, kuwaimbira nyimbo usiku. Mipingo yambiri ilinso ndi malamulo ake pa za amene angalalikire, ndipo mkulu wa mpingo sangangopereka guwa kwa mlendo popanda kukafunsidwa ndi omuyang'anira. Mukamukakamiza pamaso pa anthu mumamuika pa mpanipani, ndipo inu mukakwera basi iye amatsala ndi mlandu.

Akakupatsani pemphero, pempherani pemphero, mphindi ziwiri kapena zitatu, osalowetsamo ulaliki umene munakonza pa basi. Akakupemphani kulankhula m'malo mwa banja, lankhulani za banja: thokozani amfumu, adzukulu, amayi ophika, mpingo, achipatala. Wolalikira akaphonya vesi kapena kutchula Eliya m'malo mwa Elisa, musamukonze, ngakhale ndi nkhope. Usiku khalani pa moto panja ndi amuna anzanu, kapena m'nyumba pa mphasa ndi amayi anzanu, m'malo mokagona ku resitihausi ya pa tauni n'kubwera m'mawa mutasamba. Anthu amaiwala msanga ulaliki wa pa maliro, koma amene anagona pa siwa ndi amene anathawa samuiwala. Ndipo tsiku limenelo inunso ndinu namfedwa. Lolani munthu wina akutonthozeni ndi mawu a Mulungu. M'busa amene satha kukhala pansi kumvera ulaliki wa mkulu wa mpingo wa kumudzi ali ndi vuto lalikulu kuposa kunyalanyazidwa.

Pa bwalo la banja la pambuyo pa maliro, dikirani nthawi yanu monga mwa msinkhu wanu. Mawu oti "Mulungu wandiuza" musawabweretse pa nkhani ya munda kapena ya amene atenge ana amasiye, chifukwa amatseka kukambirana, ndipo amene akutsutsana nanu amaoneka ngati akutsutsana ndi Mulungu. Nenani maganizo anu ngati mwana wa m'banjamo, ndipo mukagonja pa nkhani wamba, gonjani.

Pali malo amene kudzichepetsa sikutanthauza kuvomera. Banja likagwirizana zokaombeza kuti lidziwe amene wapha malemu, likayamba kuloza chala gogo wina kuti ndi mfiti, likafuna kulanda katundu wa mkazi wamasiye kapena kumukakamiza mwambo wa kulowa kufa, kukhala chete n'kupereka wofooka m'manja mwa amphamvu. Malamulo a Malawi ali kumbali yanu pa zina mwa izi: lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, ndipo lamulo la za chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Koma kakanidwe kake n'kofunika. Pitani kwa mwini mbumba nkhani isanafike pa bwalo, muli awiri, mumuuze chimene simudzachita ndi chifukwa chake, muonjeze chimene mudzachita m'malo mwake. Mungati, "Atsibweni, ya kwa sing'anga ine sindisonkha nawo, koma fizi ya teremu ino ya ana awiriwa ikhale kwa ine." Mukatero wamkulu sachita manyazi pagulu, ndipo palibe anganene kuti mwabisala kuseri kwa chipembedzo pothawa kusonkha. Adzakunenanibe, mwina kwa zaka. Kunenedwa kwa mtundu umenewu ndi kumene kumafanana ndi kwa ku Nazarete.

Chimene chimaononga atumiki ambiri ndi zimene amachita ndi bala lija akabwerera. Ena amalitengera pa guwa. Lamulungu lotsatira ulaliki wonse ndi wa adani a m'banja ndi mfiti za kumudzi, ndipo mpingo wonse ukudziwa kuti abusa angobwera kumene kwawo. Mawu amenewa amafika kumudzi sabata isanathe. Choopsa kwambiri n'chakuti chiphunzitso choti kusayenda bwino kulikonse kumachokera kwa wachibale wokalamba chimakolezera moto umene wapsereza kale nyumba ndi kuphetsa okalamba m'midzi ya dziko lino. Ena amalitengera pa Facebook ndi pa WhatsApp, kuika mavesi olasa amene aliyense m'gulu la banja akudziwa mwini wake. Ena amakonza chitsitsimutso chachikulu pa bwalo la sukulu ya kwawo, ndi zimkuzamawu, jenereta ndi magalimoto, osadzera kwa amfumu kapena kwa mipingo ya pamalopo, ndipo cholinga chenicheni n'choti kwawo aone. Anthu amabwera kudzaonerera, amadya, amabalalika, ndipo ngongole ya jenereta imatsala. Ena amangosiya kupita kwawo, n'kumati Yesu naye anati amayi ake ndi abale ake ndi amene amachita chifuniro cha Mulungu. Ananenadi, pa Marko 3:35. Koma Yesu yemweyo ali pa mtanda, m'kati mwa ululu, anakonza za amene adzasunge amayi ake (Yohane 19:26-27).

Musaiwale amene ali nanu m'galimoto kapena m'basi pobwerera. Ana amamva zonse zimene mukudandaulira akazi anu kapena amuna anu, ndipo amakula akudana ndi agogo awo pa mlandu umene sakuudziwa. Madandaulowo apititseni kwa Mulungu ndi kwa mtumiki mnzanu mmodzi wokhwima amene angathe kukuuzani kuti apa mwalakwa ndinu.

Marko akuonetsa zimene Yesu anachita atakanidwa ku Nazarete, ndipo n'zochepa modabwitsa. Anaika manja pa odwala owerengeka nawachiritsa. Anazizwa ndi kusakhulupirira kwawo. Kenako anayendayenda m'midzi yozungulira akuphunzitsa, ndipo vesi lotsatira akutuma ophunzira 12 aja awiriawiri. Sanatemberere Nazarete, sanakhalenso pomwepo kuumiriza kuti amuvomereze. Odwala ochepa amene anabwera sanawalange chifukwa cha khamu limene linakana. Ntchito yake anakaikhazika ku Kapernao. Kwa mtumiki wa lero, izi zikutanthauza kuti nthawi ndi mphamvu zimene mukuthera pofuna kuti kwanu akuoneni ndi za anthu amene Mulungu anakupatsani kale, amene akudikira kuti muwayendere m'chipatala ndi m'makomo mwawo.

Chipangano Chakale chili ndi anthu amene anasunga ubale pamene anali ndi chifukwa chouthetsera. Davide anaiwalidwa kubusa pamene Samueli anafika kwa Jese, ndipo atadzozedwa anabwerera ku nkhosa zomwezo. Mkulu wake Eliyabu atamunyoza ku nkhondo kuti wangobwera kudzaonerera, anayankha mwachidule napotolokera kwa munthu wina. Patapita nthawi, abale omwewo anamutsatira ku phanga la Adulamu, iye nawalandira, natengera atate ndi amayi ake ku Mowabu kuti akakhale motetezeka (1 Samueli 22:1-4). Mose atanenedwa ndi Miriamu ndi Aroni, ndiye anapempherera Miriamu kuti achire khate. Koma amene amandikhudza kwambiri ndi Yeremiya. Anthu a kwawo ku Anatoti anamuopseza kuti akapitiriza kunenera adzamupha, ndipo Mulungu anamuchenjeza kuti ngakhale abale ake amuchitira chiwembu. Komabe Hanameli, mwana wa mbale wa atate ake, atabwera kudzamupempha kuti awombole munda wa banja ku Anatoti komweko, Yerusalemu atazingidwa ndi Ababulo ndipo iye ali m'ndende, Yeremiya anayeza masekeli 17 a siliva, nalemba kalata ya umwini pamaso pa mboni (Yeremiya 32). Anachita udindo wake wa m'banja kwa mudzi umene unafuna moyo wake.

Abale a Yesu anadzakhulupirira. Machitidwe 1:14 akuwatchula pakati pa anthu amene ankapemphera m'chipinda chapamwamba, Paulo akuti Ambuye ataukitsidwa anaonekera kwa Yakobo, ndipo Yakobo yemweyo anadzakhala mzati wa mpingo wa ku Yerusalemu. Koma izi zinachitika mtanda utadutsa, ndipo Mauthenga Abwino sanena paliponse kuti Nazarete anabwera kudzapepesa. Nkhani ya Yakobo musaisandutse lonjezo loti tsiku lina onse adzakugwadirani, chifukwa amene amadzichepetsa akuwerenga masiku oti adani ake adzachite manyazi akadali pa mpikisano womwe uja.

Mwina si inu amene Mulungu adzagwiritse ntchito pa abale anu. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo inu nomwe ndinu mlendo woteroyo m'mabanja a anthu ena, amene abale awo olalikira anawalephera. Ngati mukufunadi kuti kwanu amve Uthenga Wabwino, limbikitsani amene akuwamvera kale. Mkulu wa mpingo uja mugulireni Baibulo la zilembo zikuluzikulu ngati maso ayamba kuvuta, kapena matayala a njinga imene amayendera m'midzi. Perekani malata awiri atatu a tchalitchi kudzera kwa msungichuma wa mpingowo, osapempha kuti dzina lanu litchulidwe. Mukakhala kumudzi Lamulungu, kapemphereni kumeneko, mukhale pa benchi kapena pa njerwa pamodzi ndi anthu onse.

Ndipo khalani okonzeka usiku. Wachibale amene amakusekani masana pagulu ndi yemwe amaimba foni pakati pa usiku mwana akakomoka ku chipatala, kapena amakupezani kuseri kwa nyumba anthu atagona n'kuyamba ndi mawu oti "achimwene, pali kankhani". Sadzakutchulani abusa, ndipo mawa pa bwalo adzakhala ngati palibe chinachitika. Dzukani mupite. Ngati ndi kuchipatala, tengani ndalama ya mayendedwe ndi chakudya cha wodikirira wodwala, mupemphere naye motsitsa mawu pambali pa bedi. Zimene ananena chaka chatha musazitchule, ndipo zimene wakuuzani usikuwo zisamveke kwa akazi anu, kwa atsibweni, kapena mu umboni wa Lamulungu, ngakhale mutabisa dzina.